apt-file: yandithandiza pa malaibulale osowa, koma imadya bandulo

Amene muli ndi kompyuta ya Ubuntu, Linux Mint kapena Debian ndipo mumaikamo mapulogalamu otenga kwina, osati a mu Software Manager okha, muyenera kuidziwa apt-file. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi: mukaipatsa dzina la fayilo, imakuuzani phukusi (mtolo wa mafayilo omwe amaikidwa pamodzi m'kompyuta) lomwe muli fayiloyo. Ine ndimaikonda. Koma anthu oitamanda pa intaneti ambiri amakhala kumene data si nkhani, ndiye pali zina zomwe satchula.

Ndili ndi kashopu ka zotayipa, zosindikiza ndi fotokope ku Balaka. Microsoft italengeza kuti isiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndinaona kuti makompyuta anga akalewa sangalandire Windows 11 chifukwa alibe TPM 2.0, choncho ndinawasamutsira ku Linux Mint 22, yomwe maziko ake ndi Ubuntu 24.04. Zotayipa pa LibreOffice zinayenda popanda chovuta. Mutu unayamba kuwawa pa zinthu zochokera kunja: driver ya pulinta, pulogalamu ya sikana, ndi timapulogalamu ta AppImage, tomwe timabwera ngati fayilo imodzi yongodina. Umadina, kudinanso, zii. Ukaitsegulira pa Terminal, zenera lolembamo malamulo, m'pamene umaona chomwe chavuta:

error while loading shared libraries: libcupsimage.so.2: cannot open shared object file: No such file or directory

Pulogalamu ya pa Linux sinyamula zonse zomwe imafuna. Ntchito zofunika kwa mapulogalamu ambiri, monga kutsegula chithunzi cha PNG, kulumikizana motetezeka ndi intaneti kapena kukonza tsamba lopita ku pulinta, zili m'mafayilo apadera otchedwa malaibulale, okhala ndi .so m'dzina, ndipo onse amatunga pomwepo ngati mudzi wonse pa mjigo umodzi. Pulogalamu ikamayamba, kachida ka Linux kotchedwa ld.so kamasonkhanitsa malaibulale onse ofunika, ndipo imodzi yokha ikasowa zonse zimaima. Anzathu a Windows vutoli amalidziwa ndi dzina lina, la VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll.

Chokhumudwitsa n'chakuti uthengawo umatchula fayilo, pomwe apt, chida choikira mapulogalamu, imaika maphukusi, ndipo mayina awiriwa safanana. Mukalemba sudo apt install libcupsimage.so.2 imakuyankhani kuti phukusi lotero kulibe. Pa Mint 22 dzina lake ndi libcupsimage2t64. Ndani angalote t64 imeneyo? Inabwera mu 2024, Debian ndi Ubuntu zitasintha mayina a malaibulale ambirimbiri pokonzekera vuto la pa 19 Januwale 2038, tsiku lomwe kawerengedwe kakale ka nthawi ka 32-bit kadzafike pamapeto. Zotsatira zake, malangizo ambiri olembedwa kale amatchula mayina omwe lero kulibe. Nthawi zina apt imazindikira yokha n'kusankha dzina latsopano, koma yesani libasound2 pa Ubuntu 24.04, ikukanani.

Apa m'pamene apt-file imalowa. Mumaiika ndi sudo apt install apt-file, kenaka sudo apt-file update kuti itenge mndandanda wa mafayilo onse a m'maphukusi onse. Zikatha, mumalemba apt-file search libcupsimage.so.2, ndipo imabweretsa dzina la phukusi kumanzere, njira ya fayilo mu /usr/lib/x86_64-linux-gnu kumanja. Mwaika phukusilo, pulinta yayamba kutulutsa mapepala. Ena anganene kuti dpkg -S imachita zomwezo. Ayi ndithu. dpkg -S imangoyang'ana maphukusi omwe ali kale m'kompyutamo, pomwe ife tikusaka chinthu chomwe mulibe.

Ine sindigwiritsa apt-file payokha, ndimayamba ndi ldd. Uthenga wa vuto uja umatchula laibulale imodzi yokha, yoyamba kusowa. Mukaiika, pulogalamu imadandaula ina, kenaka inanso, mpaka kasitomala wamakalata ofunsira ntchito uja n'kutopa kudikira pabenchi. Mukalemba ldd ndi dzina la pulogalamu, zonse zimaoneka pamodzi, ndipo zosowazo zimalembedwa not found pambali. Pa pulinta izi n'zofunika kwambiri, chifukwa CUPS, pulogalamu yoyendetsa zosindikiza, imangonena kuti Filter failed, osafotokoza kanthu. Mumapita mu /usr/lib/cups/filter, n'kuyendetsa ldd pa fayilo ya driver yanu, n'kutenga mayina osowawo kupita nawo kwa apt-file. Chenjezo lomwe lili m'buku la ldd lenilenilo: musaiyendetse pa pulogalamu yomwe simukuikhulupirira, popeza nthawi zina ikhoza kuyambitsa pulogalamuyo. Pa zoterozo objdump -p imaonetsa mizere ya NEEDED popanda kuyendetsa chilichonse.

Pomwe ndinaiyamikira koposa ndi pa AppImage. Kuyambira Ubuntu 22.04, laibulale yakale ya FUSE, yomwe ma AppImage amadalira kuti atseguke, sibwera yoikiratu, ndiye ma AppImage ambiri amakana, akuti libfuse.so.2 palibe. Mukafunsa pa intaneti mupeza malangizo akale oti ikani phukusi la fuse. Pa makompyuta atsopanowa limenelo limalimbana ndi fuse3, ndipo likhoza kuchotsa zinthu zina zofunika za desktop, moti eni ake a AppImage amachenjeza za zimenezi. apt-file ilibe maganizo akale amenewo. Imayang'ana mndandanda wa kompyuta yanu yomweyo n'kukulozerani libfuse2 pa 22.04, kapena libfuse2t64 pa 24.04, ndipo limenelo ndiye phukusi lolondola.

Tsopano za bandulo. apt-file yeniyeniyo ndi kanthu kochepa kolembedwa mu Perl, koma mindandanda yomwe imatenga, yotchedwa Contents, ndi ma MB makumi angapo. Sikuti imatenga kamodzi n'kutha. Imasiya kafayilo ka 50apt-file.conf mu /etc/apt/apt.conf.d, ndipo kuyambira pamenepo apt update iliyonse imatenganso mindandanda yomwe yasintha. Amene muli pa Wi-Fi ya ku ofesi simungazindikire n'komwe. Ife ogawira intaneti kuchokera pa foni timaona. Ngati mukungofuna fayilo imodzi lero lokha, tsegulani packages.ubuntu.com kapena packages.debian.org, pali malo osakira zam'kati mwa maphukusi, ndipo yankho lake ndi lomwelo pa data yochepa kwambiri. Mungokumbukira kusankha Ubuntu yogwirizana ndi yanu: noble ndi 24.04, jammy ndi 22.04. Ubwino wa apt-file ndi wakuti mindandanda ikalowa, kusaka sikufunanso intaneti. Netiweki ikavuta mumadziwabe dzina la phukusi, n'kutuma mwana kukalitenga kwina pa fulashi.

Zina zing'onozing'ono: ilibe zodina, zonse n'zolemba pa Terminal, m'Chingerezi. Pa kompyuta ya hard disk yakale imaganiza kaye masekondi angapo isanayankhe. Imasakanso chidutswa cha dzina, choncho mukalemba libGL chabe sikirini imadzaza. Lembani dzina lonse mmene lalembedwera mu uthenga uja.

Chomwe chimandinyansa kwenikweni ndi kukhala chete kwake. Fayilo ikapanda kupezeka, apt-file sinena kuti kulibe, sinena chifukwa, imangokubwezerani mzere wopanda kanthu. Munthu watsopano amaganiza kuti walakwitsa kalembedwe. Komatu nthawi zambiri tanthauzo lake n'lakuti laibulaleyo inachotsedwa. libssl.so.1.1 ndi chitsanzo chodziwika: Ubuntu 22.04 inasamukira ku OpenSSL 3, ndipo a OpenSSL eni ake anasiya kusamalira 1.1.1 pa 11 Seputembala 2023. libpng12.so.0 inathera pa Ubuntu 16.04. libncurses.so.5 pa 24.04 kulibe. Pulogalamu ya sikana yanga inkafuna imodzi mwa zimenezi, chifukwa kampani yake sinaikonzenso kwa zaka.

Zikafika apa pamabwera mayesero awiri. Oyamba ndi kupanga ulalo ndi ln -s, kunamiza pulogalamu kuti libssl.so.3 ndiye libssl.so.1.1. Nambala yakumapetoyo siyokongoletsa. Imasintha pamene opanga laibulale asintha zam'kati moti mapulogalamu akale sangagwirizane nayo. Uthenga woyamba umachoka, inde, koma m'malo mwake pamabwera wa undefined symbol kapena version not found, apo ayi pulogalamu imatseguka n'kudzagwa pakati pa ntchito. Achiwiri ndi kutenga fayilo ya .so patsamba losadziwika n'kuiponya mu /usr/lib. Chinthu chomwe chizigwira mapasiwedi ndi zikalata za makasitomala sindingachitole paliponse. Ine ndinasiya pulogalamu ya kampani ija n'kuyamba kusikana ndi Document Scanner yomwe imabwera ndi Mint, ndipo ikugwira. Njira ina yabwino ndi kuona ngati pulogalamuyo ilipo ya Flatpak, mtundu wina wa maphukusi, chifukwa imeneyo imabwera ndi malaibulale ake, ngakhale nayonso pa data ndi chilombo.

Pali nthawi zinanso pomwe apt-file singathandize chifukwa fayiloyo ilimo kale. Pulogalamu yoikidwa mu /opt, kapena yomwe mwaimanga nokha n'kulowa mu /usr/local/lib, imatha kudandaula laibulale yomwe mukuiona ndi maso. Vuto limakhala lakuti ld.so sikudziwa kumene ili. Mankhwala ake ndi sudo ldconfig, yomwe imakonzanso mndandanda wa mu /etc/ld.so.cache, ndipo ngati foda yake ndi yachilendo mumayamba mwailemba m'kafayilo ka .conf mu /etc/ld.so.conf.d. LD_LIBRARY_PATH ndi yabwino poyesera, osati kuisiya kompyuta yonse. Ndiye palinso ma driver akale a pulinta omwe ndi a 32-bit. Mwaika laibulale, ldd ikunenabe not found. Lembani file ndi dzina la pulogalamuyo. Ikanena kuti ELF 32-bit, mukufunika phukusi lomwelo lokhala ndi :i386 kumapeto, mutayamba mwalola ndi dpkg --add-architecture i386. Zonsezi apt-file siikuuzani, mumayenera kuzidziwa nokha. Siionanso zam'kati mwa snap ndi Flatpak, kapena malo otengera maphukusi omwe satulutsa mndandanda wa Contents.

Amene muli pa Fedora simukuifuna, dnf provides imachita ntchitoyi kale, ndipo pa Arch pali pacman -F. Zimandidabwitsa kuti kuno ku Debian ndi Ubuntu mpaka lero timaika padera.

Ngati muli ndi laputopu imodzi ndipo zonse mumatenga mu Software Manager, isiyeni, apt imakuikirani malaibulale yokha ndipo uthengawu mwina simudzauona. Ngati mumasamalira makompyuta a sukulu, a tchalitchi kapena a kashopu ngati kanga, kumene mapulinta akale ndi mapulogalamu otenga kwina sasowa, iikeni pa kompyuta imodzi yokha, malinga onse ali ndi Mint kapena Ubuntu yofanana, muzisakira pamenepo. Pa enawo, ngati munaiika kale, chotsani ndi sudo apt purge apt-file, osati remove, kuti kafayilo ka mu apt.conf.d kaja kachoke nawo.