Trello pa ntchito yomanga makalasi awiri: zimene imatha ndi zimene imasiyira komiti

Kwa miyezi 9 ndakhala ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Trello poyendetsa ntchito yomanga makalasi awiri pasukulu ya pulayimale ya kumudzi kwathu, ntchito imene ife amene tinaphunzira pasukuluyo tinasonkherana ndalama zake. Ine ndinali mlembi wa komiti, ndipo anzanga anali omwazikana: wapampando ali ku Lilongwe, msungichuma ku Blantyre, ena awiri ku Johannesburg, pamene mphunzitsi wamkulu ndi woimira makolo anali pamalo pomwepo. Poyamba zonse zinkachitikira pagulu la WhatsApp, kumene uthenga wonena za mtengo wa simenti unkakwiririka ndi moni wa m'mawa komanso mauthenga a maliro, moti pofika pamsonkhano aliyense ankakumbukira mgwirizano wake wake. Ndikulemba ndemangayi kwa iwo amene ali m'makomiti a mipingo, sukulu ndi mabungwe aang'ono, amene akufuna kudziwa ngati pulogalamuyi ingawathandize pa mafunso atatu amene amagwetsa ntchito zambiri: ntchitoyi ikuyambira pati ndi kuthera pati, choyamba n'chiti, ndipo adzayankhe ndani.

Trello inatulutsidwa mu 2011 ndi kampani ya Fog Creek Software ya ku New York, ndipo mu 2017 inagulidwa ndi Atlassian ya ku Australia pa madola 425 miliyoni. Kapangidwe kake kanachokera ku njira ya kanban imene kampani ya Toyota inkagwiritsa ntchito m'mafakitale ake ku Japan, kumene khadi linkasonyeza chimene chikufunika ndi pamene chafika. Mukatsegula mumapeza bolodi, pabolodipo mumaika mindandanda, ndipo mumndandanda uliwonse mumaikamo makhadi. Khadi lililonse ndi ntchito imodzi, ndipo mungalembemo tsatanetsatane, tsiku lomaliza, dzina la munthu, ndemanga ndi zithunzi. Ntchito ikasuntha, mumakoka khadilo ndi chala n'kuliika mumndandanda wotsatira.

Pa kuonetsa pamene ntchito yafika, sindinaone chida chosavuta kuposa ichi. Bolodi lathu linali ndi mindandanda inayi: zoti tichite, zimene zikuchitika, zimene zikudikira wina, ndi zimene zatha. Mndandanda wachitatuwo ndi umene unatipindulira kwambiri, chifukwa unaonetsa poyera kuti nthawi zambiri ntchito inkaima osati chifukwa cha ulesi wa amisiri, koma chifukwa chodikira siginecha, galimoto yonyamula mchenga kapena yankho la munthu mmodzi. Msungichuma ankajambula lisiti lililonse n'kulimata pakhadi la chinthu chimene chagulidwa, ndipo anzathu a ku Johannesburg, amene anapereka ndalama zambiri koma sanaonepo ngakhale maziko, ankatha kuona okha malisiti ndi zithunzi za khoma popanda kufunsa munthu. Kukayikirana kumene kumabuka ndalama zikamachokera kutali kunachepa kwambiri, ndipo pa ichi chokha pulogalamuyi inandikhutiritsa.

Nkhani ya malire a ntchito ndi imene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali, chifukwa apa ndi pamene munthu angayembekezere kwa Trello chinthu chimene sinapangidwire. Kuwonjezera khadi kumatenga masekondi ochepa, ndipo membala aliyense wa bolodi angathe kutero. Ubwino umenewu ndi umenenso umatsegula khomo. Pasanathe mwezi, pabolodi lathu panali makhadi a zimbudzi za atsikana, mjigo, magetsi a dzuwa, mpanda ndi nyumba ya mphunzitsi. Palibe ngakhale limodzi la makhadiwa limene linali lopanda nzeru, ndipo amene anabweretsa nkhani ya zimbudzi ankanena zoona kuti atsikana ena amajomba kusukulu chifukwa chosowa malo odzisamalira. Koma ndalama zimene tinasonkha zinali za makalasi awiri, ndipo akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pulogalamuyi imaonetsa khadi la mjigo mofanana ndi khadi la malata, ndipo sikuchenjezani kuti limodzi lili mkati mwa mgwirizano pamene linalo ndi khumbo chabe. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa tinatsegula bolodi tisanalembe chimene tinagwirizana.

Tinakonza motere. Kumanzere kwenikweni tinaika mndandanda wina wotchedwa malire a ntchito, wokhala ndi makhadi awiri okha. Khadi loyamba linatchula zimene tidzapereke kwa sukulu ntchito ikatha: zipinda ziwiri zofoleredwa ndi malata, zopakidwa pulasitala, zokhala ndi simenti pansi, zitseko, mawindo ndi bolodi lolembapo mphunzitsi. Khadi lachiwiri linatchula mayina a zinthu zimene sitidzachita m'gawo lino, ndipo ndaona kuti khadi limeneli ndi lofunika kuposa loyambalo, chifukwa mikangano imabuka pa zinthu zimene wina ankaganiza kuti zili m'kati ngakhale sizinatchulidwe. Madesiki ndi chitsanzo chabwino: makolo ankaona kuti kalasi yopanda madesiki si kalasi, pamene kontrakitala sanawawerengere n'komwe pamtengo wake. Kenako tinagwirizana kuti pempho lililonse latsopano lizilowa mumndandanda wa zopempha, ndipo lisatulukemo mpaka msonkhano utayankha mafunso atatu: lidya ndalama zingati, liwonjezera masiku angati, ndipo tichotsa chiyani kuti lilowe. Akatswiri oyendetsa mapulojekiti amanena kuti kukula kwa ntchito, nthawi ndi ndalama n'zomangirirana, moti ukakoka chimodzi zinazo zimasuntha, ndipo mafunso atatuwa ndi njira yathu yonenera mfundo yomweyo.

Palinso zinthu zimene anthu amaziyesa zodziwikiratu moti sazilemba. Anthu a m'mudzi analonjeza kuumba ndi kuotcha njerwa monga gawo lawo, monga mmene zakhala zikuchitikira kuyambira kale, ndipo bajeti yathu yoyamba inadalira lonjezo limenelo. Koma kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga m'dziko muno amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, choncho tinayenera kugula mabuloko a simenti. Mtengo unakwera, ndipo gawo la mudzi linasanduka kututa mchenga, miyala ndi madzi. Palibe pulogalamu imene ikanatiuza zimenezi. Chimene Trello inachita n'chakuti titasintha khadi la malire, inasunga mbiri ya amene anasintha ndi tsiku limene anatero, ndipo mbiri imeneyo inathetsa mkangano wina patapita miyezi.

Pa kusankha choyamba, Trello imapereka zizindikiro za mitundu zimene mumazitcha mayina nokha. Ife tinatengera njira ya MoSCoW, imene Dai Clegg anayambitsa mu 1994, yogawa zinthu m'magulu anayi: zosatheka kusiya, zoyenera kukhalapo, zimene zingakhalepo mpata ukapezeka, ndi zimene sizichitika pano. Chofiira chinali cha zosatheka kusiya, ndipo tinadziikira lamulo lakuti makhadi ofiira asapitirire 5 nthawi imodzi, chifukwa popanda lamulo lotere munthu aliyense amapaka khadi lake chofiira. Kwa ife zinthu ziwiri zinalamulira dongosolo lonse. Choyamba chinali mvula: denga linayenera kukhala litafoleredwa Novembala asanafike, apo ayi makoma akanavumbwa ndipo msewu wa kumudzi ukanakana galimoto. Chachiwiri chinali mtengo wa katundu. Aliyense amene anamangapo akukumbukira mmene zinthu zinakwerera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho tinagula simenti ndi malata ndalama zikangofika, utoto n'kuusiya kumapeto.

Apa pali malire enieni a pulogalamuyi. Payokha Trello sidziwa kuti ntchito ina ikudalira inzake. Simungaiuze kuti kalipentala sangakhome mitengo ya denga khoma lisanafike pamwamba, n'kuyembekezera kuti khoma likachedwa masiku 10 masiku a makhadi otsatira asunthe okha monga zimachitikira mu pulogalamu ina yoyendetsera ntchito ya Microsoft Project. Pa makalasi awiri ndinkatha kusintha masikuwo ndi manja Lamlungu lililonse madzulo. Pa chipatala kapena msewu, kumene ntchito zolumikizana zimakhala mazana, njira imeneyi siingagwire.

Za udindo, Trello imalola kuika anthu angapo pakhadi limodzi, ndipo nkhope zawo zimaoneka mofanana popanda kusiyanitsa wogwira ntchito ndi woyankha. M'chikhalidwe chathu timakonda kuika mayina ambiri kuti wina asamve kuti wasiyidwa, ndipo khadi lathu lokapempha chilolezo ku ofesi ya maphunziro ya m'boma linali ndi mayina anayi. Linakhala milungu itatu osasuntha, aliyense akuganiza kuti mnzake wapita. Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Pulogalamu ya Asana inasankha njira ina pa mfundo imeneyi, chifukwa ntchito iliyonse imapatsidwa munthu mmodzi yekha, ndipo ndikuona kuti njira imeneyo ndi yanzeru kwambiri kwa makomiti ngati athu. Mu Trello lamulolo muyenera kulikhazikitsa nokha: nkhope imodzi pakhadi, ndipo nkhopeyo ndi ya amene adzafotokoze pamsonkhano. Enawo tinkawalemba m'kati mwa khadi motsatira njira yotchedwa RACI, imene imasiyanitsa wogwira ntchito, woyankha, wofunsidwa maganizo ndi wongodziwitsidwa. Kusiyanitsa kumeneku kunatithandiza kwambiri pa nkhani ya amfumu. Iwo sanali ogwira ntchito iliyonse ndipo analibe Trello, koma pa malo omangapo ndi pa masiku otuta mchenga anali oyenera kufunsidwa zinthu zisanachitike, osati kuuzidwa zitachitika kale, ndipo kulemba zimenezi pakhadi kunachititsa kuti wina apite kwawo nthawi yake.

Pali kanthu kena kamene sindinakayembekezere. Tsiku lomaliza likayandikira, chizindikiro chake chimasanduka chachikasu, ndipo likadutsa chimasanduka chofiira. M'komiti mwathu munali anthu a msinkhu wa bambo anga, ndipo n'kovuta kuti ine monga mlembi ndiuze wapampando pamaso pa anthu kuti achedwetsa ntchito. Chizindikiro chofiiracho chinkanena chokha, popanda kuwachotsera ulemu, ndipo kangapo iwo anandiimbira okha kuti, "A mlembi, ndaona khadi langa, mawa ndipitako." Kwa ine umenewu unali umodzi mwa maubwino akuluakulu a pulogalamuyi.

Za mtengo ndinene mwachidule. Gawo laulere limalola mabolodi 10 ndi anthu 10 pamalo amodzi ogwirira ntchito, makhadi opanda malire, ndi mafayilo osapitirira 10MB lililonse, ndipo kwa komiti ya anthu 7 zimenezi zinakwanira. Gawo la Standard ndi madola 5 pamwezi kwa munthu aliyense mukalipira chaka chonse, ndipo limalola kuika dzina ndi tsiku pa kantchito kalikonse ka m'kati mwa khadi. La Premium ndi madola 10, ndipo limaonetsa ntchito zonse pamzere wa nthawi. Kulipira kumafuna khadi la kubanki lotha kulipira madola, chinthu chimene si chapafupi masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo sindikuona chifukwa chakuti komiti yaing'ono iwononge ndalama za simenti pa zimenezi.

Vuto lalikulu kwa ife linali la amene ali pamalo a ntchito. Pulogalamuyi ilibe Chichewa, ngakhale mayina a mindandanda ndi makhadi mungawalembe m'Chichewa monga tinachitira. Bandulo ya WhatsApp imene anthu ambiri amagula siitsegula Trello, pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Pa foni imatha kugwira ntchito netiweki ikasowa n'kutumiza zosinthazo ikabwerera, zimene zinathandiza mphunzitsi wamkulu, koma woimira makolo ndi kapitawo wa amisiri sanaizolowere, ndipo sindinawakakamize. Iwo ankanditumizira mawu ndi zithunzi pa WhatsApp, ine n'kuzilowetsa pabolodi, ndipo Lolemba lililonse ndinkajambula bolodilo n'kulitumiza pagulu. Amene akufuna kuyesa pulogalamuyi awerengeretu kuti pafunika munthu mmodzi wogwira ntchito imeneyi mlungu uliwonse, chifukwa bolodi limene lakhala milungu iwiri osakonzedwa limasocheretsa anthu kuposa kusakhala nalo.

Ndingailimbikitse kwa komiti ya anthu osapitirira 10, yogwira ntchito ya miyezi ingapo, makamaka ngati opereka ndalama ali kutali ndipo akufuna kuona malisiti. Kontrakitala wokhala ndi malo ambiri omanga afune chida chodziwa kulumikiza ntchito ndi kuwerengera ndalama, chifukwa Trello siwerengera bajeti ndipo msungichuma wathu anapitiriza kugwiritsa ntchito Excel. Makalasi aja anafoleredwa mvula isanagwe ndipo ana akuphunziramo. Khadi la zimbudzi za atsikana talichotsa mumndandanda wa zopempha n'kulitsegulira bolodi lakelake, ndipo ulendo uno tinayamba takhala pansi ndi makolo, mphunzitsi wamkulu ndi amfumu n'kulemba papepala kuti zimbudzizo zidzakhala zingati, chipinda chosinthira chilipo kapena ayi, ndipo madzi adzatunga ndani. Pepalalo litasainidwa ndinalijambula, ndipo chithunzi chake ndi khadi loyamba pabolodi latsopanolo.