Clonus ya 1979, Clonus yanthabwala ya 1997 ndi The Island ya 2005: muonetse iti?

Nkhani ya anthu oleredwa mobisa kuti adzawachotse ziwalo mutha kuionera m'njira zitatu, ndipo iliyonse imasiya oonera ndi maganizo ake. Pali filimu yoyambirira ya 1979, Parts: The Clonus Horror, imene anaiwongolera ndi Robert S. Fiveson. Pali filimu yomweyo monga inaonetsedwera mu 1997 pa pulogalamu ya Mystery Science Theater 3000, anthu akuithira nthabwala. Ndiye pali The Island ya Michael Bay ya 2005, imene inafanana ndi yoyambayo mpaka nkhani inakafika kukhoti. Amene simunaonepo, dziwani kuti m'munsimu muli mathero ake.

Msana wa nkhani ndi umodzi. Anthu a ndalama ndi maudindo apangitsa ma clone awo, anthu okula kuchokera ku selo lawo, ofanana nawo chibadwa monga mapasa. Chifukwa chake n'chachipatala: thupi limakana chiwalo cha mlendo, koma cha munthu wofanana naye ndendende limachilandira. Impso yoyamba kugwira bwino mwa munthu wina, ku Boston mu 1954, inachoka kwa mmodzi mwa mapasa kupita kwa mnzake. Ma clone sadziwa zimenezi. Mu Clonus amauzidwa kuti akachita bwino adzapita ku "America", dziko lachisangalalo; mu The Island amadikira mwayi wa maere opita kuchilumba.

Yoyambirira ija inapangidwa ndi madola pafupifupi 257,000, ndipo umphawi wakewo umaoneka. Imatenga mphindi 90, koma gulu la oonera limatayika m'mphindi 30 zoyambirira. Akuluakulu ovala zamasewera akuthamanga, kupalasa njinga, kugwetsana, kwinaku akulankhula pang'onopang'ono ngati ana. Oonera ambiri amaganiza kuti ochita seweroli alephera ntchito, nayamba kuseka. Chikhalirecho zinapangidwa dala: filimu imafotokoza kuti ambiri mwa ma clone anawachepetsa nzeru kuti asamafunse mafunso, ndipo Richard ndi Lena, ma clone awiri amene nkhani yatsamira pa iwo, ali m'gulu lochepa limene anawasiyira nzeru zonse. Mukawauza anthu mfundo imeneyi musanayatse, kuseka kumachepa ndithu, chifukwa kumwetulira kwa anthu aja kumayamba kuoneka kochititsa mantha.

Pena pamene holo imaseka ndi pamene Richard, amene akuseweredwa ndi Tim Donnelly, atola chitini cha mowa wa Old Milwaukee mumtsinje, nayamba kukayika za dziko lonse limene anakuliramo. Chitini chaphwanya bodza limene alilipirira ndalama zankhaninkhani! Koma taonani chimene chikuchitika. Munthu amene sanaonepo chilichonse chochokera kunja wapeza mawu amene palibe amene anamuphunzitsa, ndipo akafunsa, oyang'anira amangomuzemba. Ine ndimaona kuti apa pakuposa pa The Island, pamene Lincoln, clone amene nkhani yatsamira pa iye, amapeza kagulugufe kausiku kamene kalowa kuchokera kunja. Kagulugufe kamangosonyeza kuti kunja kuli moyo. Chitini chili ndi dzina la mzinda, ndipo dzinalo limamufikitsa ku mapu ndi mafayilo.

Kuseka kumatheratu pamalo awiri. Koyamba ndi paphwando lotsanzikana ndi mnyamata wopita ku "America": keke, kuwomba m'manja, kenako tebulo la madokotala, kumuchotsa magazi, kumukulunga m'pulasitiki ndi kumuumitsa m'chipinda chozizira mmene muli anzake. Kachiwiri ndi kumapeto. Richard amathawa, amapeza mtolankhani wopuma ntchito, woseweredwa ndi Keenan Wynn, amakumananso ndi mwini thupi lake, amene ndi m'bale wa Jeffrey Knight, wandale amene akufuna upulezidenti. Peter Graves amasewera wandaleyo mofatsa, ngati munthu amene sakuona cholakwa chilichonse. Palibe wopulumuka. Richard amabwerera kukatenga Lena, n'kumupeza atamuchita opaleshoni ya ubongo, akumwetulira osadziwa kanthu, ndipo iyenso amathera m'chipinda chozizira chija. Chiyembekezo chokha ndi tepi imene yafika kwa atolankhani. Anthu amene ankaseka poyamba amatuluka akutsutsana, ndipo ngati cholinga chanu ndi mkangano wa m'kalasi kapena wa gulu la achinyamata pa nkhani ya kugula ziwalo, iyi ndiye yoti musankhe.

Ya 1997 ndi imene inatchukitsa filimuyi kwa anthu ambiri a ku America. Mike Nelson, woulutsa pulogalamuyo, ndi maloboti awiri, Crow ndi Tom Servo, amaoneka ngati zithunzithunzi zakuda m'munsi mwa sikirini, akuyankha chilichonse chimene anthu a mufilimu anena. Inatuluka chaka chomwe dziko linamva za Dolly, nkhosa ya clone imene inapangidwa ku Roslin Institute ku Scotland, choncho nkhani ya clone inali pakamwa pa aliyense. Kwa ife vuto lake ndi lowirikiza. Nthabwala zambiri zatsamira pa TV ya ku America: Peter Graves ankaulutsa pulogalamu ya Biography, Dick Sargent, amene akusewera dokotala wamkulu, ankadziwika ndi Bewitched, ndipo amene sadziwa zimenezi amangomva anthu akulankhula pamwamba pa anzawo. Mawu olembedwa m'munsi nawonso amalephera, chifukwa anthu awiri kapena atatu amalankhula nthawi imodzi. Kuwonjezera apo, filimuyo anaidula kuti ikwane nthawi ya pulogalamu. Choipitsitsa n'chakuti sizibwezeka: munthu amene wayamba ndi iyi, akadzaonera yoyambirira amamvabe nthabwala zija m'mutu, ngakhale pamene Lena akumwetulira. Isungireni amene aonera kale ya 1979 ndipo Chingerezi cha ku America amachimva bwino.

Samalaninso pofufuza pa intaneti, chifukwa dzina lomwelo limabweretsa zonse ziwiri. Mukaona mzere wa mipando ndi mitu itatu m'munsi cha kumanja, imeneyo ndi yanthabwala. Yosadulidwa inatuluka pa DVD ya kampani ya Mondo Macabro mu 2005 ndi dzina lalifupi lakuti Clonus, choncho yesani mayina onse awiri.

The Island inadya madola pafupifupi 126 miliyoni, kuposa inzake ija maulendo oposa 400, ndipo imatenga mphindi 136. Ola loyamba ndi labwino zedi. Ewan McGregor ndi Scarlett Johansson ali m'nyumba yoyera mbee, chakudya chawo n'choyezedwa, saloledwa kuyandikana kwambiri. Pamene munthu wamkulu thupi, woseweredwa ndi Michael Clarke Duncan, adzidzimuka ali pa tebulo la opaleshoni n'kuthawa akulira kuti akufuna kukhala ndi moyo, palibe amene amaseka. Pamenepo ndalama zagwira ntchito yake. Koma awiriwo akangotuluka panja, filimu imasanduka mpikisano wa magalimoto: mateyala achitsulo a sitima akugubuduzika pamsewu, njinga zouluka, chikwangwani chikugwa pamwamba pa nyumba yosanja. Gulu lozolowera mafilimu ankhondo limasangalala, ndipo ngati mukufuna kuti aliyense akhale pampando mpaka kumapeto, iyi sikukhumudwitsani. Mukawafunsa mawa lake, amakumbukira mateyala aja. Funso lakuti kodi munthu wopangidwa ndi katundu wa amene analipira limakwiririka, makamaka poti pamapeto ma clone onse amamasulidwa ndipo woipa ndi mmodzi yekha, Dr. Merrick, mkulu wa malowo, amene amafa. Mu Clonus woipa ndi dongosolo lonse, kuyambira dokotala mpaka wofuna upulezidenti.

Eni ake a Clonus anasumira DreamWorks, kampani imene inapanga nawo The Island, mu 2005 ponena kuti yawabera nkhani, ndipo mlanduwo unatha pogwirizana kunja kwa khoti. Oonera ambiri a ya 1997 ndi amene anafulumira kuloza kufananako The Island itangotuluka.

Ngati muli ndi madzulo awiri, yambani ndi ya 1979, The Island ibwere pambuyo. Mukatembenuza, maso amene azolowera kuwala kwa Michael Bay sapirira zithunzi zotuwa ndi mawu osamveka bwino a filimu yakaleyo, ndipo mphindi 30 zoyamba zija zimawathamangitsa. Onaninso misinkhu ya anthu: ku America The Island anaiika pa PG-13 (chenjezo kwa makolo a ana osakwana zaka 13), pamene Clonus ili pa R (osakwana zaka 17 azionera ndi wamkulu) chifukwa cha matupi osavala ndi chifuwa chotumbulidwa, choncho si yoonetsa pamene pali ana.