Losartan 50mg: chifuwa cha amayi chinatha titasintha mankhwala a BP

Abale ndati ndilembeko za losartan chifukwa amayi anga avutika pafupifupi chaka ndi chifuwa chosadziwika kochokera. Chifuwa chouma, chopanda makhololo, usiku kungoti kho kho kho mpaka ife a chipinda china kudzuka. Tinayezetsa TB kawiri palibe, mandimu ndi uchi, jinja, ma syrup a ku famase zonse zinakanika. Tsiku lina dokotala wina anangofunsa kuti "Mayi, mankhwala a BP mukumwa ati?" Atamva kuti enalapril anati basi vuto ndi limenelo.

Mmene anatifotokozera ndi chonchi. Impso zimatulutsa enzyme yotchedwa renin, mapeto ake mthupi mumapangidwa hormone yotchedwa angiotensin II, kanthu kakang'ono ka ma amino acid 8 basi koma kamafinya mitsempha ya magazi ngati mmene timafinyira paipi pothirira dimba, komanso kudzera mu hormone ina yotchedwa aldosterone kamapangitsa thupi kusunga mchere ndi madzi, ndiye BP imakwera, mtima nkumagwira ntchito yakalavula gaga mpaka mnofu wake kukhuthala ndi kutopa. Enalapril imatseka ACE, enzyme yomwe imapanga angiotensin II, koma ACE yomweyo ndi imenenso imaphwanya kanthu kena ka mthupi kotchedwa bradykinin, ndiye ikatsekedwa bradykinin imachuluka nkumakanda pakhosi. Losartan siikhudza ACE, imangotseka pakhomo pomwe angiotensin II imagwira, paja amati AT1 receptor.

Anawasintha nkuwapatsa losartan, piritsi limodzi patsiku. Pasanathe mwezi chifuwa zii.

Koma ndinene chilungamo, payokha losartan sinatsitse BP mokwanira, makina athu akunyumba amawerengabe cha m'ma 155/95, mpaka anawonjezera amlodipine 5mg ndipamene inatsikira cha m'ma 135/85. Adokotala anati kwa ife anthu akuda mankhwala amtundu umenewu akakhala okha nthawi zambiri mphamvu imachepa, amafuna mnzake. Sabata yoyamba amayi amamvanso chizungulire akadzuka mwachangu pa mphasa, pano amayamba akhala kaye pang'ono.

Chondipweteka ndi thumba, ife timachita kugula ku famase mwezi ndi mwezi ndipo ndiyodula kuposa enalapril, kuphatikiza kuyezetsa magazi kuti aone potassium ndi creatinine ya impso. Amayi oyembekezera asayerekeze kumwa, imawononga mwana m'mimba. Brufen ndi diclofenac tinawachotsa m'kabati chifukwa kuphatikiza ndi losartan zimapweteka impso, mawondo akavuta amamwa panado. Ndipo chonde musasinthe nokha mankhwala poti mwawerenga izi, pitani ndi kabuku kanu ka kuchipatala mukawauze adokotala za chifuwacho.

Ine ndaipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtengo. Lachinayi lapitali amayi anapita ku Mvano ndipo akuti anaimba nyimbo zonse mpaka kumapeto osatulukira panja kukatsokomola.