Kufufuza makolo a ku Madeira kudzera pa nkhokwe ya ku Funchal

Agogo athu aamuna adabadwira pachilumba cha Madeira, chomwe ndi gawo la dziko la Portugal, ndipo adafika kuno kudzera ku Mozambique, koma pabanja pathu palibe amene ankadziwa mayina a makolo awo. Nditafufuza za moyo wawo m'dziko muno ku National Archives kuno ku Zomba, ndidatembenukira ku tsamba la pa intaneti la Arquivo e Biblioteca da Madeira, nkhokwe ya zolembedwa zakale ya mumzinda wa Funchal, ndipo ndakhutira nalo.

Chuma chenicheni chili m'mabuku a maparishi. Chisanafike chaka cha 1911, pamene boma la Portugal lidakhazikitsa kalembera wokakamiza aliyense, ansembe a Katolika ndiwo ankalemba za ubatizo, maukwati ndi maliro. M'kaundula wa ubatizo wa agogo ndidapezamo mayina a bambo ndi mayi awo, a agogo awo a mbali zonse ziwiri, ngakhalenso a amene adawaimira pa ubatizowo, kotero kuti tsamba limodzi lokha lidandipatsa mibadwo itatu. Zithunzi za masambawo ndidaziona osalipira kanthu, kupatula ndalama ya bandulo, yomwe imatha msanga.

Ntchitoyi imafuna kudekha. Zolembazo zili m'Chipwitikizi, pamanja pa ansembe ena mpovuta kuwerenga, ndipo mayina monga Freitas ndi Gonçalves ndi ofala kwambiri pachilumbapo, choncho munthu ayambe wafunsa akuluakulu kwawo dzina la parishi. Ife tidathandizidwa ndi azakhali, amene ankakumbukira mawu akuti Câmara de Lobos, ngakhale ankawatchula mwa Chichewa.