Kuwulutsa wosewera: chingwe cha manja kapena makina a kompyuta?

Achinyamata a zisudzo kuno ku Zomba akaonera pa YouTube woimba Pink akuwuluka pamwamba pa chikhamu cha anthu, funso limakhala limodzi: nanga ife mu Great Hall, holo yaikulu ya pa yunivesite, tingachite bwanji?

Njira yakale ndi ya manja. Wosewera amavala malamba olimba m'chiuno ndi m'ntchafu, waya n'kudutsa pa timawilo kudenga, ndipo anyamata awiri kuseri kwa katani amakoka, wina kukweza, wina kuyendetsa cham'mbali. Ubwino wake ngwakuti wokokayo amamva kulemera kwa mnzake m'zikhatho. Wosewera akachedwa kudumpha, iye amadikira. Koma munthu amatopa, ndipo sangabwereze ndendende usiku uliwonse.

Makina ndi nkhani ina. Mawinchi, makina okoka a magetsi, amakulunga waya motsatira zimene zalembedwa mu kompyuta: liwiro, kutalika, poimira. Mawinchi anayi okha, m'ngodya za bwalo, amafikitsa munthu paliponse m'mwamba. Komabe makina alibe maso, n'chifukwa chake pamakhala munthu chala chili pa batani loimitsira. Ngozi zimachitikabe: mu June 2013 wosewera wa gulu la zionetsero la Cirque du Soleil anagwa n'kumwalira ku Las Vegas waya wake utaduka.

Chondidetsa nkhawa kwathu kuno ndi magetsi. Akazima, mabuleki amagwira okha, inde, koma mwana wa eni amatsala ali lende mumdima, kudikira womutsitsa. Ine ndingasankhe manja, bola injiniya ayambe wayeza ngati dengalo lingapirire, popeza munthu akaimitsidwa mwadzidzidzi waya amakoka kuposa kulemera kwake.