Chopanira masipuling'i cha ndodo ziwiri: mmene chinagwirira ntchito pa Volkswagen Microbus yanga

Chipangizochi ndinachigula pofuna kusintha masipuling'i akutsogolo a Volkswagen Microbus yanga ya 1997, imodzi mwa zija zimene fakitale ya ku Uitenhage ku South Africa inapitiriza kupanga mpaka 2002, pamene ku Ulaya anali atazisiya kale. Galimotoyi inayamba kupendekera kumanja, ndipo nditavula tayala ndinapeza kuti sipuling'i yathyoka cha kumunsi, pamene matope ndi madzi zimakhazikika n'kubweretsa dzimbiri. Ndikuchipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mwatsatanetsatane, pakuti chinthu chimenechi chikhoza kuvulaza munthu koopsa akachikhulupirira mopitirira.

Choyamba, amene ali ndi Toyota HiAce yakale, ngati minibasi zambiri za m'misewu yathu, asataye ndalama zake, chifukwa kutsogolo kwa galimoto zimenezo kulibe sipuling'i yopiringizika, kuli chitsulo chachitali chopotoka chimene amakaniko amati torsion bar. Microbus ndiyo ili ndi sipuling'i yopiringizika, yokhala pakati pa mkono wam'munsi (chitsulo cham'munsi mwa ziwiri zolumikiza tayala ku galimoto) ndi thupi la galimoto, ndipo shock absorber, yochepetsa kudumphadumpha kwa galimoto, imadutsa m'kati mwa sipuling'iyo.

M'bokosi muli ndodo ziwiri za mabawuti aatali, iliyonse ndi zikhadabo zokola sipuling'i kumwamba ndi kumunsi. Chitsulo chake n'cholemera bwino m'manja, ndipo nditapaka girisi pa mizere ya bawuti, nati inayenda mosavuta ndi sipanala wamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimene sindinakondwe nacho n'chakuti munalibe pepala lonena kulemera kumene chipangizochi chingapirire, ndiponso zikhadabo zake n'zosaya ndipo zilibe kachitsulo kotsekera kuti sipuling'i isapulumuke. Wogulitsa anandiuza kuti chimagwira pa galimoto iliyonse, koma zimenezo si zoona.

Vuto linaonekera nditangoyamba. Ndinakhazika galimoto pa masitandi, ndinaika jeki pansi pa mkono wam'munsi, ndinachotsa shock absorber, kenako ndinapisa tcheni cholimba m'kati mwa sipuling'i n'kuchimangirira kumkonowo. Pofuna kukoleka zikhadabo ndinapeza kuti malo ndi ochepa kwambiri. Kumtunda kwa sipuling'i n'kobisika m'chitsulo cha thupi la galimoto, ndipo mutu wa ndodo umagunda mkono wam'mwamba, kotero kuti ndinangokwanitsa kukola mapindo ochepa apakati. Ndodo ziwirizi zimayenera kuyang'anizana, ina uku ina uko, koma pano yachiwiri inakana kufika kuseri ndipo inakhala chapambali. Ndinamanga mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, ndipo nditafika pakati ndinamva kulira kwa chitsulo, n'kuona chikhadabo chimodzi chikutsetsereka pang'onopang'ono motsatira pindo kulowera kwa chinzake, sipuling'i n'kuyamba kupindika ngati uta. Mtima unandigunda. Ndinachotsa nkhope yanga pamenepo, ndinamasula manati onse awiri mwapang'onopang'ono, ndipo ndinachichotsa chipangizocho.

Sipuling'i yakaleyo inatuluka mwa njira ina. Ndinakoleka caliper, chitsulo chogwira mabuleki, ndi waya kuti paipi ya mabuleki isakokeke, ndinamasula kachitsulo kolumikiza stabiliser (ndodo yochepetsa kupendekera kwa galimoto pokhota), ndinalekanitsa ball joint (mfundo yolumikiza mkono ndi chitsulo chonyamula tayala) jeki itanyamula mkono, kenako ndinatsitsa jekiyo pang'onopang'ono kufikira sipuling'i itatambasuka yonse n'kukhala yogwedera m'malo mwake. Tcheni chinali chikadali chomangidwa nthawi yonseyi, ndipo sindingalangize munthu aliyense kugwira ntchitoyi popanda icho, ngakhale atakhala ndi chopanira chodula bwanji.

Phindu la chipangizochi ndinaliona pobwezeretsa, ndipo apa m'pamene chinapezera nyenyezi zake. Injini ya Microbus ili kumbuyo, choncho kutsogolo n'kopepuka. Nditaika sipuling'i yatsopano n'kuyamba kukweza mkono ndi jeki, sipuling'iyo inapanika pang'ono chabe, kenako galimoto yonse inayamba kunyamuka pa sitandi ball joint isanafike pamalo pake. Zimenezi n'zoopsa kuposa mmene zimaonekera, chifukwa galimoto ikachoka pa sitandi imakhala ikulendewera pa jeki yokha. Ndinatsitsa, ndinaitulutsa sipuling'iyo, ndipo ndinaipanira pansi pa simenti, pamene ndinali ndi malo okwanira oika ndodo moyang'anizana bwinobwino. Ndisanamange ndinayesa kaye m'malo mwake n'kulemba ndi choko mapindo amene zikhadabo zingakole popanda kutsekeredwa ndi mkono, pakuti n'zotheka kulowetsa sipuling'i yopanidwa kenako n'kulephera kutulutsa chopaniracho. Pansipo zikhadabo sizinasunthe ngakhale pang'ono. Ndinainyamula moyang'anitsa nsonga zake kumbali, osati kwa ine, ndinaonetsetsa kuti mapeto a pindo lakumunsi akhala m'kamphako kake pa mkono, ndipo jeki inangotsala ndi ntchito yochepa yomaliza.

Mbali yachiwiri inanditengera theka la nthawi ya yoyamba. Ndinasintha masipuling'i onse awiri ngakhale kuti yothyoka inali imodzi, chifukwa yatsopano ndi yotopa sizinyamula mofanana ndipo galimoto ikanapendekerabe. Mabawuti a mabushi, timphira ta m'malo olumikizira zitsulo, ndinawamangitsa galimoto itaima pa matayala ake, ndipo m'mawa mwake ndinapita nayo kukawongoletsa alaimenti, popeza msinkhu wa kutsogolo ukasintha kaimidwe ka matayala kamasinthanso.

Nditatsuka chipangizochi ndinachiyang'anitsitsa pa dzuwa. Ndodo zonse ziwiri n'zowongoka, mizere ya bawuti sinadyeke, ndipo utoto wokha ndiwo unakalika m'kamwa mwa zikhadabo. Ndikhulupirira kuti chinapirira chifukwa ndinamanga ndi dzanja. Makina omangira manati a mphepo kapena a batire amatenthetsa bawuti n'kudya mizere yake, ndipo amathamangitsa mbali imodzi munthu asanaone kuti sipuling'i yayamba kupindika, choncho pa chopanira cha mtundu uwu asayandikire n'komwe.

Kwa amene galimoto yake ili ndi strut (shock absorber ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi) imene imachoka yonse n'kukaphwasulidwira pa benchi, chipangizochi chingamuthandize ndithu, bola aike tcheni kapena lamba wolimba wotetezera. Kwa eni Microbus anzanga, chidzakuthandizani polowetsa sipuling'i yatsopano, koma musachidalire pochotsa yakale ili m'galimoto. Ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndikanafunafuna chopanira cholowa m'kati mwa sipuling'i, modutsa shock absorber muja, chimene chimakoka pakati penipeni ndipo sichilimbirana malo ndi mkono wam'mwamba.