Akulu ophunzitsa C aja a ku Chikanda, ndapitako kanayi

Anthu mwandivutitsa ku inbox kufunsa ngati akulu aja amaphunzitsa C (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) madzulo ku Chikanda ali bho kapena angofuna ndalama zathu, ndiye ndingoyankha pano kamodzi.

Ine chinandipititsa ndi 2D array (tebulo la mizere ndi ma column) ya malloc, function yopemphera malo mu memory. Pulogalamu yanga imayenda bwinobwino pa kompyuta yakalekale ya msuweni wanga ku Matawale koma pa laputopu yanga imangogwa, segmentation fault (kukhudza memory yosaloledwa), masiku atatu osagona bwino. Akuluwo anangoyang'ana mzere umodzi, malloc(rows * sizeof(int)), n'kuyamba kuseka, amvekere achimwene apa mukusungamo ma pointer (ma adiresi a malo mu memory) osati ma int (manambala wamba), pa 64-bit pointer imadya ma byte 8 pomwe int ndi 4, ndiye mwapempha theka la malo n'kumalemba m'munda mwa eni. Kompyuta ya msuweni ija ndi ya 32-bit, kumeneko zonse ndi 4 nchifukwa chake bodza langa silimaoneka. Kakanyenyezi kamodzi basi, sizeof(int *), nkhani yatha. Ndinachita manyazi zedi.

Chomwe chinandigwira mtima ndi choti laputopu amakutseketsa kaye, amatenga pepala n'kujambula memory. Akuti int ** (pointer ya ma pointer) ili ngati kope la alandilodi, mulibe nyumba m'menemo, muli manambala a nyumba chabe, ndipo mzere uliwonse ndi nyumba payokha, ina kuno ina uko, iliyonse malloc yakeyake. Ndiye pochita free (kubweza memory ija) ukayamba kutaya kopelo nyumba zija uzipeza bwanji? Umayamba free mizere yonse mu loop, kope kumapeto. Chiyambire chaka palibe anandifotokozera choncho, enafe timangoloweza.

Tsiku lachitatu anationetsa njira ina yomwe iwo amaikonda, malloc imodzi ya rows * cols, kupeza chinthu cha pa mzere i, column j ndi i * cols + j, free imodzinso, komanso imathamanga poti zonse zili pamodzi cache (memory yachangu ya processor) siivutika. Anatsindikanso kuti int a[3][4] si int ** ayi, ukaipatsa function yoyembekeza int ** ngakhale compiler ya gcc imadandaula, ife timangodumpha ma warning aja ngati sitikuwaona.

Zoipa zilipo. Nthawi sasunga, tinagwirizana 5 koloko anafika cha m'ma 6, kawiri konse. Kachipindako ndi kothithikana, anthu asanu ndi mmodzi socket imodzi, magetsi akathima ndiye mwapuma. Komanso ngati muli pa Windows ndi Code::Blocks (pulogalamu yolemberamo code) konzekani kunyozedwa, iwo ndi Linux basi chifukwa cha Valgrind, pulogalamu yofufuza zolakwika za memory, ngakhale kunena zoona Valgrind inandigwirira ma leak (memory yosabwezedwa) awiri omwe sindimawadziwa.

Mtengo ndi wokwererapo kwa mwana wasukulu koma mukapita awiri amatsitsa. Mubwere ndi laputopu yochaja kale ndi code yanu yomwe ikukana, zoyambira pa printf sachita nawo.